Ku Japan mlendo amadziwika ndi jumbo la zinyalala

Munthu akamva kuti unakhalako ku Japan, funso loyamba limakhala la sushi, eti ndi zoona amadya nsomba yaiwisi? Lachiwiri ndi la masitima othamanga aja, lachitatu la galimoto, poti aliyense ali ndi msuweni amene akufuna kuitanitsa ka Vitz kapena Sienta. Za zinyalala palibe amafunsa. Koma mukakhala pansi ndi alendo okhala kumeneko, kaya a ku Vietnam, a ku Nepal, a ku Brazil, kaya ife ochepa amene timapitako pa sikolashipu, nkhani ikafika poti manyazi oyamba unachita liti, ambiri amatchula jumbo la zinyalala. Inenso ndi momwemo.

Sabata yachiwiri nditalowa m'kanyumba kanga ka lendi, m'tauni ina kunja kwa Tokyo, ndinatenga zonse, makoko a anyezi, zitini za nsomba, mabotolo a madzi, kuunjika m'jumbo limodzi, kumanga bwinobwino nkukasiya pakona pamene ndinkaona anthu akusiya zawo. Unali usiku wa Lachiwiri. Mmawa ndikuthamangira sitima ndinapeza pamalopo pali mbee, mpaka atsirapo madzi, koma jumbo langa lili lokhalokha ngati mwana wamasiye, pamwamba atamatapo sitika yachikasu yolembedwa zinthu zoti sindikanatha kuwerenga. Palibe anandifunsa kanthu. Agogo ena aakazi a nyumba yoyang'anizana ndi yathu amasesa pakhomo pawo, anandiweramira, kumwetulira, "ohayo gozaimasu", basi. Koma mtima unandiuziratu kuti msewu wonse ukudziwa mwini jumbo.

Nkhani yake ili chonchi. Kasankhidwe ka zinyalala amakonza ndi makhonsolo, ndipo makhonsolowo alipo opitilira 1,700, iliyonse ndi kalendala yake, nde zimene unaloweza ku Osaka ukasamukira ku Yokohama uyambirenso. Mlendo ukapeza pokhala umayenera kukalembetsa adilesi ku ofesi ya khonsolo pasanathe masiku 14, ndipo nthawi zambiri komweko amakupatsa kabuku kapena chipepala chachikulu cha zithunzi za zinyalala. Ine changa ndinachiyika pansi pa sutikesi, ndimayesa ndi zotsatsa malonda.

Gulu lalikulu ndi moeru gomi, zinyalala zopsa: zotsala za kukhitchini, timapepala tonyowa, matewera, zimenezi amatenga kawirikawiri kawiri pa sabata, kwathu linali Lolemba ndi Lachinayi. Kenako moenai gomi, zosapsa, monga mbale zosweka, magalasi, tizitsulo, izi galimoto yake imatha kubwera kamodzi kapena kawiri pa mwezi, ukaiphonya ukhala nazo. Palinso zoti zikapangidwenso, zitini pazokha, mabotolo a galasi pawokha, nyuzipepala ndi makatoni zomanga ndi chingwe, mapulasitiki okutira zakudya pawokha. Botolo limodzi la madzi limene ife timangoliponya mu ngalande, kumeneko limagawika: chitsekerero uchotse, lebulo usende, botolo utsuke mkati kenako uliponde liphwatalale. Katoni ya mkaka utsuke, uidule itambasuke, uyanike. Tsiku loyamba kuona makatoni a mkaka atayanikidwa pa sinki kwa mnzanga wa ku Indonesia ndinaseka, patatha mwezi anga anali pomwepo.

Katundu wamkulu, matiresi, tebulo, njinga, amati sodai gomi, ndipo sungangomusiya panja. Umayimba foni kapena kulembetsa pa intaneti, amakupatsa tsiku, ukagule sitika ku konbini, tima shopu tija ta maola 24 ngati 7-Eleven, Lawson ndi FamilyMart, umate pa katunduyo. Firiji, TV, makina ochapira ndi eyakoni ndiye khonsolo sitenga nkomwe, kuyambira 2001 pali lamulo lake lapadera, umalipira kuti zibwerere kwa opanga.

Ndiye nthawi. Umatulutsa mmawa wa tsiku lomwelo isanakwane 8 koloko, osati usiku, ndipo chifukwa chake ndi akhwangwala. Akhwangwala a kumeneko si athu a pachifuwa poyera aja ayi, ndi akuda bii, akuluakulu, mlomo ngati nkhwangwa, amang'amba jumbo nkumwaza mafupa a nsomba msewu wonse. Nchifukwa chake pamalo osiyapo zinyalala pamakhala ukonde wophimbira. Majumbo akenso amafuna oonekera mkati, ndipo matauni ambiri ali ndi majumbo awoawo ogula, ku Kyoto achikasu kuyambira 2006. Tanthauzo lake aneba onse akuona zimene wadya sabata imeneyo, ndi zimene walakwitsa.

Amene amafika pamapeto penipeni ndi a ku Kamikatsu, katauni kakang'ono ka m'mapiri m'chigawo cha Tokushima, amene mu 2003 analengeza kuti akufuna kuthetseratu zinyalala. Iwowa amasankha m'magulu opitilira 40, ndipo galimoto ya zinyalala siyendayenda m'makomo, aliyense amanyamula zake kupita nazo pamalo amodzi.

Musaganize kuti anthuwa anabadwa aukhondo chonchi, ayi. M'zaka za m'ma 1960 chuma chikukwera mothamanga, Tokyo inkamira m'zinyalala. Zambiri ankakazitaya m'dera la Koto, pa chilumba chokwirira nyanja chimene dzina lake ndi Yumenoshima, kutanthauza chilumba cha maloto, dzina lokoma pamalo onunkha. Mu 1965 kunabuka ntchentche zosaneneka mpaka kulowa m'masukulu ndi m'nyumba za anthu. Mu 1971 bwanamkubwa wa Tokyo, Minobe Ryokichi, analengeza nkhondo ya zinyalala. Anthu a ku Suginami, dera lina la mu Tokyo momwemo, ankakana kuti kwawo kumangidwe fakitale yowotchera, nde a ku Koto atatopa anakaima pamsewu nkumabweza magalimoto a zinyalala ochokera ku Suginami, kuti zanu muzisunge konko. Mfundo yoti dera lililonse lithane ndi zinyalala zake inalimba kuchokera pamenepo. Onjezerani kuti dzikolo mbali yaikulu ndi mapiri ndi nkhalango, malo okwirirapo ndi ochepa, choncho zambiri amawotcha, ndipo ng'anjo sifuna chitini cha gasi kapena batire mkati mwake. Pamenepo ndi pamene panachokera kusankhaku.

Koma mbiri yokhayo singafotokoze chifukwa chimene sitika yachikasu ija inandipweteka kuposa faindi. Pali mawu amodzi amene ukawamvetsa zinthu zambiri za ku Japan zimayamba kugwirizana, mawu oti meiwaku. Ndi kuvutitsa ena, kukhala chipsinjo, kupangitsa mnzako kugwira ntchito imene sinali yake. Mwana amakula akuuzidwa kuti usachite meiwaku kwa anthu. Ife mwana timamuuza kuti uzilemekeza akulu, uzigawana ndi anzako, iwo choyamba ndi chakuti usasowetse mtendere munthu wina. Jumbo langa lija galimoto italisiya, silinakhale vuto la khonsolo, linakhala vuto la aneba, chifukwa pamalopo amasamalira ndi iwowo mosinthana. M'madera ambiri muli bungwe la anthu oyandikana nyumba, chonaikai, limene limagawa ntchito yosesa ndi kupinda ukonde, limayendetsa kabolodi ka zidziwitso khomo ndi khomo, limakonza zikondwerero ndi maphunziro a chivomerezi. Wa sabata imeneyo akapeza jumbo losakaniza, mwina alitsegula yekha nkuyamba kusankha makoko ako a anyezi ndi manja. Ndipo sadzakuuza.

Kale m'nthawi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, m'midzi munali chilango chotchedwa murahachibu. Banja losokoneza malamulo a mudzi ankalisala pa zonse, osalankhula nalo, osalithandiza, kupatula zinthu ziwiri, moto ndi maliro. Amafotokoza kuti ziwirizi ankazisiya osati chifukwa cha chifundo koma poti moto ungafalikire kwa ena ndipo mtembo ukakhalitsa uvutitsa mudzi wonse. Zinandidabwitsa chifukwa kwathu ndi pamaliro pomwepo pamene wosayenda m'maliro a anzake amaonera zakuda, adzukulu kumukhalira pansi. Kumeneko ulimi wa mpunga umadalira madzi a ngalande imodzi, wina akatseka molakwika minda ya onse yauma, nde khalidwe loyang'anana linamera mizu. Lero palibe angakusale poyera, koma kukhala chete kuja kulipobe.

Zimenezi zimakupeza ngakhale usanalowe m'nyumba. Kupeza lendi ku Japan mlendo amatuluka thukuta. Pali shikikin, dipoziti wamba. Pali reikin, ndalama yothokoza landilodi, mwezi umodzi kapena iwiri, imene sibwerera, ukuthokoza munthu poti wavomera kuti uzimulipira lendi. Pali ya ejenti, ya inshuwalansi, ya kusintha loko, komanso munthu kapena kampani yokuimira ngati utalephera kulipira. Ukaphatikiza umapezeka watulutsa lendi ya miyezi inayi kapena isanu usanagone usiku umodzi. Nchifukwa chake alendo ambiri amathamangira nyumba za UR, bungwe la nyumba la pansi pa boma, zimene sizifuna reikin kapena wokuimira. Koma ngakhale ndalama uli nazo, ejenti amayimba foni kwa landilodi iwe uli pompo, umangomva mawu oti gaikokujin, munthu wakunja, kenako "aa, so desu ka", foni pansi, tiyeni tione ina. Kafukufuku amene unduna wa zachilungamo unatulutsa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi alendo 4 mwa 10 alionse amene anafunafuna nyumba anakanidwapo chifukwa ndi akunja. Ukafunsa chifukwa, zimene amatchula ndi zomwezi, sadziwa chilankhulo, sasankha zinyalala, amachita phokoso. Mbali ina ndi tsankho lenileni, tisanamizane, koma limavala malaya a zinyalala.

Phokosolo ndiye linandigwiranso. Tinyumba tambiri totsika mtengo ndi tamatabwa, khoma lake neba akayetsemula umafuna kumuyankha. Japan ili patsogolo ndi maola 7, nde abale akaweruka 5 koloko madzulo nkumayimba pa WhatsApp, kumeneko ndi pakati pa usiku, ndipo mukudziwa ife sitilankhula ndi mayi athu monong'ona. Patapita masiku ndinapeza kapepala m'bokosi la makalata kochokera ku kampani yoyang'anira nyumba, kolembera "onse okhala muno", kuti pamveka madandaulo a mawu usiku, chonde tiyeni tiganizirane. Onse okhala muno tinalipo mabanja sikisi, ndipo woseka mokweza 1 koloko usiku analipo mmodzi. Neba wodandaulayo mmawa mwake tinapatsana moni bwinobwino pa masitepe.

Musitima ndi chimodzimodzi, foni pa silenti, kuyankha kolo ayi, anthu odzaza mpaka nkhope kugunda galasi koma zii ngati m'tchalitchi nthawi ya pemphero lachinsinsi.

Kusanena mwachindunjiku kuli paliponse. Ukapempha chinthu wina nkukoka mpweya m'mano, kupendeketsa mutu, nkuti "chotto...", kapena "muzukashii desu ne", kutanthauza nzovutirapo, dziwa kuti wakana, usadikire yankho lina. Iwo amati munthu azitha kuwerenga mpweya, kuuki wo yomu, kumva zimene sizinanenedwe. Apa ndiye ife sitili kutali kwenikweni, nafenso "ndiona" ndi "tidzakuyimbirani" timadziwa tanthauzo lake. Kusiyana kwake nkwakuti kwathu mnzako amakukokera pambali nkukuuza kuti aise apa walakwitsa, pamene kumeneko ukhoza kulakwitsa chinthu chomwecho chaka chathunthu aliyense akukumwetulira.

Pa chakudya zambiri amakhululuka, mlendo kulephera timitengo todyera tija amangoseka nkukupatsa foloko, ndipo ukangokwanitsa kunyamula nyemba imodzi amakuyamikira ngati wapambana mayeso. Koma pali ziwiri zimene nkhope zimasintha. Kuzika timitengo choimilira mu mpunga, ndi kupatsirana chakudya kamtengo kwa kamtengo. Zonsezi ndi za maliro. Mpunga wozikamo timitengo amaikira womwalira, ndipo ku Japan pafupifupi aliyense amawotchedwa, kenako achibale amatola mafupa ndi timitengo kuika mu mtsuko, nthawi zina awiri kugwira fupa limodzi. Ndiye iwe mwachimwemwe ukumupatsira mnzako nyama choncho, wamukumbutsa tsiku limene anatola mafupa a bambo ake. Pamene kufwefwenthera ramen, manudulo a mu supu aja, mokweza, zimene kwathu mayi angakumenye nazo chikho, kumeneko palibe vuto. Asanadye amati itadakimasu, ndikulandira, akamaliza gochisosama. Tipu kulibe, ukasiya chenji patebulo amakuthamangira nacho. Koma ku izakaya, malo omwera, amakubweretsera kambale kakang'ono kamene sunaitanitse, otoshi, nkukalemba pa bilu, alendo ambiri amayamba kukangana poyesa awabera, pomwe ndi mtengo wa mpando.

Natto, soya wowola wonanda ngati therere koma fungo la sokosi, ndinamuyesa katatu nkugonja. Dzira laiwisi pa mpunga wotentha ndinazolowera, mpaka pano ndimalifuna. Mpunga wawo ndi womata, ndipo kusiya njere m'mbale amati mottainai, kuwononga chinthu chimene chikanagwira ntchito, mawu amene Wangari Maathai wa ku Kenya anawakonda atapitako mu 2005 nkuyamba kuwalalikira dziko lonse. Ndipo ukapita paulendo, ngakhale wa masiku awiri, ubwere ndi omiyage, bokosi la timabisiketi ta kumaloko togawira a kuntchito kapena a mu labu. Ndi njira yonenera kuti pepani munatsala mukugwira ntchito ine kulibe. Meiwaku yomwe ija, koma ya shuga.

Ukagula chakudya panjira usadye ukuyenda, ima pambali pa shopu umalize. Mwa zina nchifukwa choti mabini mumsewu ndi osowa. Pa 20 March 1995 a gulu la Aum Shinrikyo anamwaza mpweya wa poizoni wa sarin m'masitima a pansi pa nthaka ku Tokyo, ndipo kuchokera pamenepo mabini ambiri m'masiteshoni ndi m'malo a anthu ambiri anayamba kuchotsedwa. Anthu anangozolowera kunyamula zinyalala zawo kupita nazo kunyumba. Chikwama cha munthu wa suti yodula mumakhala khoko la nthochi. Ana kusukulu amasesa ndi kukolopa okha makalasi, zimene kwa ife si zachilendo, kungoti iwo samasiya akakula, nchifukwa chake munawaona akutola zinyalala m'masitediyamu pa World Cup ya 2018 ku Russia ndi ya 2022 ku Qatar.

Tsono kunena zoona, dongosololi lili ndi mabodza akenso. Dziko limene limakuvutitsa kusenda lebulo pa botolo ndi lomwelo limene limakuta nthochi imodzi mu pulasitiki, bisiketi iliyonse kajumbo kake mkati mwa thireyi mkati mwa bokosi lokutidwanso. Ndipo pulasitiki wambiri amene anthu amatsuka ndi mtima wonse mapeto ake amawotchedwa kuti apange magetsi kapena kutentha, nkumawerengedwa ngati wagwiritsidwanso ntchito. Chinanso, jumbo losakaniza likapezeka pa mdadada pamene pali mlendo mmodzi, maso onse amapita kwa iye, ngakhale wataya ndi mnyamata wa konko wa ku yunivesite amene anabwera ataledzera. Alendo ku Japan tsopano apitilira 3 miliyoni m'dziko la anthu opitilira 120 miliyoni, ndi amene akugwira ntchito m'makonbini, m'mafakitale ndi m'nyumba zosamalira okalamba, koma mbiri yoti sasankha zinyalala imawatsatirabe. Ndipo kusavutitsana kuja kuli ndi mtengo wake. Palibe amakugogodera kupempha mchere, zabwino, koma iwenso sungagogode. Ukadwala umadwala wekha, chifukwa kupempha thandizo nakonso ndi meiwaku. Mtendere wake ndi weniweni, waleti ukaiwala musitima nthawi zambiri umaipeza, koma masiku ena umalakalaka wina atangokusokoneza.

Chimene chinandithandiza ine ndi tawulo. Mnzanga wa mu labu atamva nkhani ya sitika anandifunsa ngati ndinachita aisatsu polowa, kutanthauza kugogoda kwa aneba a mbali zonse, a pamwamba ndi a pansi, ndi kamphatso kotchipa, tawulo kapena sopo, kudzidziwitsa kuti ndine wakuti, ndalowa nambala yakuti, yoroshiku onegaishimasu, ngati kunena kuti chonde tikhale bwino. Ndinali nditachedwa mwezi wathunthu koma ndinapitabe, mpaka kwa agogo a tsidya lina la msewu aja. Anatsegula, anayang'ana tawulo, anandiyang'ana, nkulowa m'nyumba osanena kanthu. Ndimayesa basi zathera pompo. Anatuluka ndi kalendala ya zinyalala ya khonsolo, atazunguliza masiku ndi bolopeni yofiira, pa Lolemba ndi Lachinayi atajambula kamoto, pa tsiku la zitini kachitini. Kuyambira pamenepo nthawi yozizira ndinkapeza timalalanje ta mikan titapachikidwa pa chitseko.

Vuto lomaliza la mlendo aliyense ndi jumbo lomaliza. Njinga ndi futoni, matiresi oyala pansi aja, ndinalembetsa pa sodai gomi kutatsala milungu iwiri kuti ndibwerere kumudzi, kumata masitika, zinapita. Koma ndege yanga ku Narita inali Lachitatu, zopsa amatenga Lachinayi, ndipo m'nyumba uyenera kusiya mulibe ngakhale kapepala. Ndinaima pakhomo ndi masutikesi awiri ndi jumbo limodzi, kusiya pakona sindingathe, kukwera nalo sitima sindingathe. Agogo aja amathirira maluwa. Anayang'ana jumbo, anatambasula dzanja, ndinawapatsa ndikuwerama mpaka msana kuwawa. Analikweza m'mwamba kuliyang'ana mozungulira pa dzuwa, kenako anamasula mfundo, kupisa dzanja, nkutulutsamo chitsekerero chimodzi cha botolo. Anachiika m'thumba la epuloni, anamanganso jumbo, nkundiuza kuti ndifulumire sitima ingandisiye.